Mayi Esteri Nahache, Sikauti wa Imvi

Pamaliro tonse timasanduka abodza. Munthu akangotsikira kuli chete, uja ankatukwana pamjigo amakhala mngelo, uja ankakaniza khasu amakhala wopatsa. Polemba za Mayi Esteri Nahache, amene tinawaika m'manda mvula ya chaka chino itangoyamba, mwambo umenewo tiusiya, chifukwa eni ake sakanalola. Mayi Esteri anali mkhristu weniweni, ndipo anali ndi nsanje. Amene anayamba kunena zimenezi poyera si ife ayi, ndi iwo omwe.

Anabadwira kukomboni ya esiteti ina ya tiyi kumtunda kwa Chitakale, dziko lino lisanalandire ufulu. Agogo awo anachokera ku Mozambiki wapansi, atasenza mphasa ndi mbewu ya kalongonda. Makolo awo ankalawirira kukathyola tiyi, ndiye Esteri, pokhala mwana woyamba, anadziwa kubereka khanda kumbuyo mano ake a ubwana asanaguluke. Asisitere a ku mishoni atabwera kudzafuna atsikana oti ayambe sukulu, bambo a Esteri anayang'ana ana awo aakazi awiri. Wamkuluyo ndiye anali kutunga madzi, kusinja ndi kulera. Wamng'onoyo, Agnesi, ngakhale mbale ankaitsuka mbali imodzi. Nyumba ikanagwa popanda Esteri, choncho anapereka Agnesi. Esteri anaima pamsewu, mwana ali kumbuyo, kuyang'ana mng'ono wake akupita ndi kachikwama ka nsalu. Nsanje inalowa tsiku limenelo ndipo sinapezenso khomo lotulukira.

Kalasi ya ubatizo anailowa ali kale namwali. Kuwerenga sankadziwa, koma katekisimu yonse anaisunga m'mutu, moti akatekisi akasochera pa tsamba, ankawabwezera panjira ndi iwowo. Anakwatiwa ndi a Lenard Nahache, amene ankadula nkhuni za kufakitale ya tiyi, munthu wofatsa ngati madzi a mumtsuko. Mulungu anawapatsa ana, ndipo ena anawatenganso akadali aang'ono. Kenako anatenga a Lenard, chifuwa chitawavutitsa nthawi yaitali. M'mavuto onsewa palibe amene anamvapo Mayi Esteri akufunsa Mulungu chifukwa chake. Ankalira monga mayi aliyense amalirira, n'kudzuka m'mawa kukathyola tiyi.

Ntchito zawo mumpingo uno ndani saidziwa? Tsache la m'tchalitchi linali lawo. Nsalu za paguwa ankazichapa ndi iwo, n'kuzisita ndi ayironi ya makala popanda kuwotcha ngakhale kangodya. Maliro akachitika m'limana lathu, kagulu ka akhristu a dera limodzi, iwo ndiwo ankayamba kufika n'kumaliza kuchoka. Sankafunsa mpingo wa womwalira. Mayi Hajira, neba wawo wachisilamu, amanenabe kuti amuna awo atamwalira, madzi onse a pasiwa anatunga ndi Mayi Esteri. Misa sankajomba, ndipo Lamulungu lililonse ankapita kutsogolo kukalandira Ukaristia, manja atapinda pachifuwa, mapazi ali osweka ndi mame a m'tiyi.

Nanga Agnesi? Anaphunzira, nakhala mphunzitsi, nakhala ku Limbe zaka zambiri. Atapuma ntchito anabwerera kumudzi n'kumanga nyumba ya malata pa malo a mayi awo, khomo kuyang'anizana ndi la mkulu wawo. Sipanatenge nthawi, tinawasankha kukhala wapampando wa Amayi Achikatolika. Mawu a Mulungu ankawerenga ndi iwo. Alendo akabwera, wolankhula ndi iwo. Pa zolengeza za pambuyo pa Misa, dzina la Mayi Agnesi linkamveka kawirikawiri ngati Amen. Dzina la Mayi Esteri silinatchulidwepo, poti wosesa timamukumbukira tsiku limene sanasese. Chowawa kwambiri chinali chakuti Mayi Agnesi sanali munthu woipa. Akanakhala wonyada, bwenzi mkulu wawo atapeza pogwira. Koma anali wansangala, wogawa shuga ndi sopo, ndipo kuchitira nsanje munthu wabwino ndi ntchito yotopetsa.

Mayi Esteri ankaidziwa nthenda yawo ndipo ankalimbana nayo mwanjira yawoyawo. Ankakonda kuuza atsikana a m'limana kuti, "Nsanje ndi mlendo wobwera yekha. Kufika pakhonde sungamuletse, koma usamuphikire." Mtima ukangoyamba kuwawa, ankalowa m'dimba, kuthyola nanazi zakupsa bwino, n'kukatula kwa mng'ono wawo. Ife oyandikana nawo tikaona lichero la nanazi likuwoloka bwalo Lolemba, tinkadziwa kuti dzulo lake Mayi Agnesi awomberedwa m'manja.

Chaka cha namondwe uja, phiri litataya miyala ndi matope pa midzi, tinaona anthu akuvutika ndi mabala popanda wodziwa kuwamanga. Ndiye Bambo Mfumu anapempha kuti parishi iyambitse gulu la asikauti, kuti ana aphunzire kudzithandiza ndi kuthandiza anzawo. Anasankha a Bonface, mphunzitsi wa kupulaimale amene anakhalapo sikauti ali mnyamata, kuti alitsogolere. A Bonface amenewa anali mwamuna wa Felesita, mwana wotsiriza wa Mayi Esteri, ndipo ankakhala pachikamwini pamudzi womwewo.

Apa owerenga achinyamata amvetse bwino. Mabanja ambiri anausiya mwambo wa kuopana pakati pa mkamwini ndi apongozi ake aakazi, koma Mayi Esteri anausunga monga anausiyira amayi awo. Ndi a Bonface sankayang'anizana, sankadyera pamodzi, sankagwirana chanza. Akakumana panjira, wina ankapatukira m'tiyi mpaka mnzake adutse. Ngati pali mawu, ankawanena atayang'ana kukhoma, kapena kuwatuma kudzera mwa Felesita. Sichinali chidani. Mayi Esteri ankamukonda mkamwini wawoyo kuposa ana ena obereka okha, ndipo kuopako ndiye unali ulemu wake.

Makolo anakana kuti atsikana azipita kokagona kumisasa popanda amayi owayang'anira. Bambo Mfumu atafunsa amene angadzipereke, Mayi Agnesi anakweza dzanja. Mayi Esteri, amene anali asanakwezepo dzanja pamsonkhano uliwonse, anangoona lawo lili m'mwamba. A Bonface ananena kuti amayi othandizawo nawonso aphunzire zimene ana akuphunzira: kumanga mfundo za chingwe, kukoleza moto, kumanga bala, ndi kuloweza lonjezo la asikauti. Wokhoza mayeso adzalandira baji ya luso loyamba, kansalu kozungulira kosaposa chivundikiro cha botolo la mafuta odzola, kosokera pamalaya. Anawonjeza kuti olandirawo adzaitanidwa mmodzimmodzi ndi dzina, m'tchalitchi, Misa ikatha. Mawu otsirizawa ndiwo anakhazikika mumtima mwa Mayi Esteri. Anafuna kuti dzina lawo limveke kutsogolo kuja, ngakhale kamodzi kokha, asanafe.

Loweruka lililonse ankafika pabwalo la tchalitchi ndi sikafu m'khosi pamwamba pa bulauzi, imvi zili mbuu pansi pa duku. Ankakhala kuseri kwa thanki ya madzi, msana ataulozetsa kwa mkamwini wawo, makutu okha ndiwo ali m'kalasi. Atsikana ankabwera kudzawaonetsa mmene chingwe chikuyendera. Moto sunawavute, munthu wokoleza nkhuni zonyowa moyo wake wonse. Lonjezo analimeza ngati katekisimu. Mfundo ndizo zinawatulutsa thukuta, pakuti zala zinali zitazolowera kumanga mtolo wa nkhuni mwanjira imodzi basi. Koma anakakamira. Mwezi umenewo mbuzi zawo zinamangidwa mfundo za mitundu yonse, ndipo zina zinagona zitamangidwa bwino kuposa mmene zinkafunira.

Tsiku la mayeso litafika, anakhala kuseri kwa khoma la tchalitchi, namanga mfundo zawo zonse bwinobwino, n'kupatsa Mayi Agnesi kuti akapereke. A Bonface anazitembenuza, nazikoka, kenako anayandikira khomalo n'kuima chammbali.

"Auzeni amayi kuti mfundozi zilibe vuto," anatero, mawu ali otsika. "Koma lamulo limati woyesa aone ndi maso ake manja akumanga. Ndikalola za kuseri kwa khoma, mawa ana awa adzamangirana. Komanso wokhoza timagwirana naye chanza, ndipo ife asikauti timapereka dzanja lamanzere."

Kwa Mayi Esteri zimenezi zinali zosatheka. Chanza ndi mkamwini, kuwonjeza apo chamanzere, dzanja limene sulandirira nalo ngakhale mchere wopempha.

"Uwauze akamwini kuti ndamva," anatero Mayi Esteri.

Mayi Agnesi, amene mwa mwambo nawonso anali apongozi, za kuopanazo anazisiya kalekale ku Limbe. Anakhala pamaso pa a Bonface, namanga mfundo zawo akucheza, imodzi mpaka anachita kubwereza, n'kupereka dzanja lamanzere akuseka. Lamulungu lotsatira dzina lawo linaitanidwa pamodzi ndi la ana. Amayi analulutira, Mayi Esteri nawonso analulutira.

Lolemba lake lichero la nanazi silinawoloke bwalo. Ulendo uno mlendo uja sanathere pakhonde. Mayi Esteri akaona malaya a baji ali pachingwe kwa mng'ono wawo, ankalakalaka makoswe atawadya, kapena khala la mu ayironi litagwerapo. Akagwira kolona, pakati pa Tikuoneni Maria pankalowa malaya omwewo. Zinawachititsa mantha, chifukwa ankadziwa kuti wofunira mbale wake zoipa sayenera kuyandikira guwa. Ndiye Lamulungu linalo, nthawi yolandira itakwana, anangokhala pabenchi, mutu atazolika, anthu n'kumadumpha miyendo yawo. Tchalitchi chonse chinaona. Zinachitikanso sabata yotsatira, ndi inanso. Munthu amene sanasiye kulandira ngakhale sabata imene anaika mwamuna wake, anasiya chifukwa cha kansalu. Anayamba kuwonda, ndipo tsache linkawalemera.

Pomaliza anapita kukalapa. Zimene anakambirana ndi Bambo Mfumu sitizidziwa ndipo sitiyenera kuzidziwa. Timangodziwa komwe analunjika atatuluka. Anapeza Mayi Agnesi ali pakhonde, akusenda nandolo.

"Odi pano."

"Fikani achemwali. Lero mwabwera chimanjamanja, nanazi zatha kodi?"

"Nanazi zilipo. Ndabwera ndi mawu." Anakhala pamkeka, nayang'ana pansi. "Agnesi, ine ndimakuchitira nsanje. Si za lero ayi. Kuyambira tsiku unapita kusukulu lija."

Mayi Agnesi sanasiye kusenda. "Ndimadziwa, achemwali. Mumayesa munthu angadye nanazi zaka zonsezi osadziwa chimene akudyera?"

Mayi Esteri ankanena pambuyo pake kuti yankho limeneli linawapweteka kuposa baji. Chinsinsi chimene anachisenza kuyambira ubwana, mng'ono wawo anali nacho kale, ngati kuti nachonso anawatsogolera. Anatsala pang'ono kunyamuka. Koma panali chinthu china choti anene, cholemera kuposa choyambacho.

M'banja lawo njira yothetsera kuopana inalipo. Mkamwini amabweretsa tambala kudzera mwa mayi wamkulu wa pabanjapo, mayiyo n'kuwakhazika pamkeka umodzi ndi apongozi ake kuti adye m'mbale imodzi. Zikatero amakhala mayi ndi mwana. Koma akuluakulu onse anali atapita. Woti n'kuima pakati anatsala mmodzi yekha, ndipo anali pakhondepo akusenda nandolo.

"Ndikufuna undiimire pakati ndi akamwini," anatero Mayi Esteri. "Ndikukupempha."

Apo ndi pomwe Mayi Agnesi anaika lichero pansi. "Mawu amenewo simunandiuzepo chibadwire, achemwali. Ndipita lero lomwe."

Loweruka lotsatira a Bonface anabwera ndi tambala wofiira m'khwapa, atavala jekete ngati akukafunsira mbeta kachiwiri. Mayi Esteri anali ataphika kalongonda kuyambira dzulo lake, kutaya madzi n'kuthira ena monga amafunira kalongonda. Mayi Agnesi analankhula mawu a mwambo, ena akuwakumbutsa ndi mkulu wawo yemweyo. Kenako awiriwo anapisa m'mbale imodzi. Mayi Esteri anakweza maso pang'onopang'ono, nayang'ana kwa nthawi yoyamba nkhope ya munthu amene anawabalira zidzukulu. Anamuyang'anitsitsa, n'kutembenukira kwa mwana wawo.

"Felesita, bwanji sunandiuze kuti amuna ako ali ndi dazi?"

Mawa lake, Lamulungu, Mayi Esteri anapita kutsogolo kukalandira. Amayi amene anakhala nawo benchi imodzi amati pobwerera misozi inali ikutsika, iwo osaipukuta.

Mayeso anawabwereza pamaso pa a Bonface, ndipo anakhoza. Pofika pa chanza anapukuta dzanja lamanzere pachitenje, naligwirizira ndi lamanja pamkono, kuti ngakhale ndi lamanzere lifike mwaulemu. Koma mabaji anali atatha. Ena anayenera kuchokera ku Blantyre, ndipo zochokera ku Blantyre zimabwera pa nthawi yake, osati yathu. A Bonface anati dzina liitanidwa baji ikafika. Mayi Esteri anavomera. Munthu amene wadikira kuyambira ubwana, miyezi ingapo si nkhani.

Koma thupi silinadikire. Kutentha kwa Okutobala kutayamba, miyendo inatupa, mpweya n'kumavuta. Anakagona kuchipatala ku Boma, nabwerako ndi mankhwala, koma aliyense ankaona kuti ulendo wayandikira. Sanadandaule. Ankapempherera odwala anzawo a m'limana powatchula maina, n'kumafunsa ngati nsalu za paguwa zachapidwa. Chinthu chimodzi chokha ndicho sankatha kubisa. Akamva njinga ya a Bonface ikulowa pabwalo, ankadzutsa mutu.

"Yabwera?"

"Sinabwere, amayi."

"Chabwino, mwanangu." N'kutembenukira kukhoma.

Lamulungu lawo lotsiriza, Misa itatha, a Bonface anabwera ndi asikauti onse n'kuwaimika pamzere pabwalo, ndipo ambiri a ife tinawatsatira. Tinawatulutsira Mayi Esteri pakhonde, atatsamira Felesita. Mayi Agnesi anali atalowa m'nyumba mwawo ndi lezala, ndipo anatuluka atafumbata kanthu. A Bonface anaima nji, naitana ndi mawu a m'kalasi, oti amveke mpaka kumsewu.

"Esteri Nahache."

"Ndilipo," anayankha. Mawu anali aang'ono koma tonse tinawamva. Nthungululu zinamveka mpaka kutsidya kwa mtsinje.

Mayi Agnesi anagwada n'kusokera bajiyo pabulauzi ya mkulu wawo. Mayi Esteri anaisisita ndi chala. Maso anali atafooka, koma zala za munthu wochapa nsalu za paguwa sizinamizidwa. M'mphepete mwake munali timaulusi takale todulidwa.

"Iyi ndi yako, Agnesi."

"Inali yanga. Pano ndi yanu."

"Ndiye iwe watsala wopanda?"

"Ndatsala wopanda, achemwali."

Mayi Esteri anaisisitanso bajiyo. Kenako tinaona kumwetulira kukubwera, iwo akuyesa kukubweza, koma kukukana. Anatseka maso, napukusa mutu.

"Kandiitanireni Bambo Mfumu," anatero. "Ndakondwa, ndipo kukondwa kwake si kwabwino."

Tinaseka misozi ili m'maso, koma iwo sankaseka. Ankanenadi zoona, ndipo sanafune kupita nako kachimwemwe kameneko pamaso pa Mulungu. Bambo Mfumu anabwera masana omwewo. Mayi Esteri analapa, anadzozedwa mafuta a odwala, nalandira Ukaristia. Dzuwa likupendeka, amayi a m'limana akupemphera kolona, anapuma mpweya wotsiriza mwakachetechete, mutu uli pamiyendo ya mng'ono wawo. Tinawaika atavala bulauzi yomweyo.

Ambiri a ife tili ndi nthenda imene Mayi Esteri anali nayo, kungoti timaitcha maina ena. Timati tikungonena chilungamo, timati tikudera nkhawa mpingo. Iwo anaitchula ndi dzina lake lenileni. Sanachire, ndipo sitinama kuti anachira. Koma pa moyo wawo wonse nsanjeyo sinafike pa lilime kuti ineneze mng'ono wawo, sinafike m'manja kuti imuwonongere kanthu, ndipo tsiku limene inafuna kuwatsekera njira ya kuguwa, anadzichepetsa n'kukapempha thandizo kwa munthu yemwe ankamuchitira nsanjeyo. Tiwapempherere kuti Mwini moyo awalandire mu mpumulo wake, ndipo nafenso atipatse mtima wosadzinamiza.

Mabaji a ku Blantyre anafika maliro atapita kale. A Bonface anatenga imodzi n'kupita nayo kwa Mayi Agnesi, amene malaya awo a usikauti ali ndi kabwalo kodera pomwe panali yakale ija. Mayi Agnesi anaiyang'ana, naibweza m'dzanja la mkamwini wawo.

"Kapatseni mwana wina, a Bonface. Asiyeni achemwali akhale ndi chinthu chimodzi chimene ine ndilibe."